Ng'ombe zomwe a Basílio adazikana

A Basílio a m'mudzi mwathu, kuseri kwa Ulongwe, ng'ombe zawo sadazitole panjira. Adayamba ndi kukankha matumba a kachewere panjinga mpaka ku Kalomwe, kumalire, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Adagula kathole kamodzi, kathole kadaswa, ndipo pomwe imvi zimayamba m'khola munali ng'ombe zisanu ndi imodzi. Iliyonse adaicheka khutu la kumanzere ngati mphanda. Munthuyo anali wouma manja, izi tisabise. Koma ng'ombe ankazilankhula mokoma kuposa momwe ankalankhulira nafe.

Vuto lawo linali umwinimbumba. Alongo awo anali ndi ana ambiri, ndipo mwana wa mlongo akapalamula, kwathu kuno amathamangira kwa atsibweni. Maliro agwa, ng'ombe ya a Basílio. Nércio, mphwawo wamkulu, wamenya munthu kumowa, ng'ombe ya a Basílio. Zidatsala zinayi. Iwo anali ndi mwana mmodzi yekha, Odete, ndipo ankadziwa bwino kuti tsiku lomwe adzatsikire kuli chete, abale adzatsekula khola maliro asanatuluke m'nyumba, Odete n'kutsala ndi chingwe.

Apa ndi pomwe nzeru zidawapitirira. Kuikiza ng'ombe kwa mnzako si zachilendo: iye amapeza manyowa ndi mkaka, iwe zako zikuswana. Koma anthu amaikiza pali mboni. A Basílio adaikiza mobisa, kwa mnzawo wa pa njinga, a Hermínio a ku Domwe. M'chilimwe, ziweto zitatayiridwa m'dambo popanda mbusa, a Hermínio adabwera n'kuzikusa zonse zinayi. Madzulo ake a Basílio adakuwa kuti akuba awalowera.

Ndani akadakayika? Zaka zimenezo kuba ng'ombe kudali kutafika posauzana. Anyamata ankabwera pa njinga zamoto dzuwa likuswa mtengo, kamiyau, lole yonyamula katundu, ikudikira kuseri kwa phiri, pofika mawa nyama ili pa mbedza tsidya lina la malire. Tidatsata mapazi mpaka pa thanthwe, tidabwerako manja ali m'khosi. Odete adalira kuposa onse, ndipo bambo ake adangomuyang'ana, osamutsina khutu ngakhale pang'ono. Ngakhale akazi awo sadawauze. Ankati mkazi akadziwa, mtondo wadziwanso.

Padapita zaka zitatu. Kwa a Hermínio ng'ombe zija zidaswana, ndipo a Basílio ankapita ku Domwe pafupipafupi, ati kukaona mitengo ya feteleza. Ife tinkadabwa kuti munthu woberedwa akunenepa bwanji.

Kenaka akuba enieni adafika. Adapeza a Hermínio kudambo masana, adawamenya ndi chitsulo m'nthiti, n'kukweza ng'ombe zonse. Mwamwayi kamiyau idatitimira m'matope isanafike ku Kalomwe, akubawo adathawa, apolisi n'kuitana aliyense amene adaberedwapo kuti adzazindikire zake. Kwathu tidapita gulu, Nércio patsogolo, a Basílio akukokera miyendo m'mbuyo.

Pabwalo la apolisi ku Kalomwe panali anthu ochuluka, ena atanyamula zibonga, mitima ili m'mwamba. A Hermínio adali atakhala pa mwala, dzanja lili pa nthiti, atauza kale apolisi kuti ng'ombe zonsezo zidachokera m'khola mwawo. Nércio adazungulira kamodzi kokha n'kuima.

"Atsibweni, tabwerani! Si Maluwa uyu? Taonani khutu!"

Maluwa inali ng'ombe yaikazi ya mawanga, mayi wa khola lonse. Anthu adayamba kuyandikira. Wina adafunsa mokweza kuti ng'ombe yobedwa ku Ulongwe idapezeka bwanji m'khola la ku Domwe, ndipo maso onse adatembenukira kwa a Hermínio. Aliyense pamenepo ankadziwa zomwe gulu limachita ndi wakuba ng'ombe, apolisi alipo kapena palibe.

A Basílio akadangonena zoona, kuti abale anga ndidakunamizani, ndidaikiza ndine. Akadachita manyazi mwezi umodzi, mbumba ikadawanyoza, basi. Koma kuvomera bodza pamaso pa mphwawo kudawakanika.

"Si yanga iyi," adatero.

"Atsibweni, khutu ili?"

"Kodi mpeni uli ndi ine ndekha? Yanga ndimaidziwa. Pano palibe ng'ombe yanga ngakhale imodzi."

Maluwa, atamva mawu a mbuye wake, adatambasula khosi n'kuwanunkhiza malaya. A Basílio adamukankha mphuno n'kutembenuka. Ndidaziona ndi maso anga, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Gulu lidabalalika, a Hermínio adakusa ng'ombe kubwerera ku Domwe, ndipo a Basílio adafika kumudzi akudziona ngati apulumutsa mnzawo ndi chuma chomwe.

Akadapita ku Domwe sabata yomweyo ndi mboni ziwiri, nkhani ikadakonzeka. Adati adikire kaye kuti anthu aiwale. Koma nthiti za a Hermínio sizidapole. Adatsokomola magazi mvula yonse, ndipo chimanga chisanakhwime adamwalira.

Atameta maliro, a Basílio adavala jekete n'kupita ku Domwe, ulendo uno atatenga Odete, atamuuza zonse panjira. Adalandiridwa ndi Cláudio, mphwa wa malemu, amene tsopano ankayang'anira khola. Adawayalira mphasa, adawamvetsera mpaka kumapeto osawadula.

"Abambo, ine sindikukutsutsani," adatero Cláudio. "Koma mboni yanu ndani?"

"Mboni yanga ndi amene mwaika m'manda."

"Ku Kalomwe ine ndidalipo. Mudanena nokha, apolisi akumva, anthu a midzi itatu akumva, kuti palibe yanu ngakhale imodzi. Lero ndikauze abale anga kuti chiyani?"

Nkhani idafika kwa mafumu, ndipo kumeneko adawafunsa funso lomwelo. Mbumba yawo, itamva kuti idanamizidwa zaka zonsezo, idakana kukawaperekeza. Nércio adati iye khutu adaliona, koma eni ake adati si lawo, ndiye iye ndani.

Lero a Basílio akalipo, akulima ndi khasu kamunda ka kuseri kwa nyumba, msana utapindika. Odete ndiye amawaphikira ndi kuwachapira. Sadawakalipirepo, ndipo mwina kukalipa kukadakhala bwino. Tsiku lomwe ankachokera ku Domwe adangowafunsa chinthu chimodzi, ali pa mlatho.

"Ababa, ng'ombezo mudazibisa kuti zidzakhale zanga. Nanga pondiona ndikulira tsiku lija, simukadandiuza ine ndekha?"