Pachitseko pamene bambo aakulu anaima

Bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga, anali msilikali asanakhale mphunzitsi. Anakalondera njanji ku Mozambique nkhondo ili mkati, ndipo anabwerako akutsimphina. Za kumeneko sankakamba. Chimene chinatsala cha usilikali wawo chinali jekete yobiriwira yoperepeseka pakolala, ndi chizolowezi chopolisha nsapato m'mawa uliwonse, ngakhale fumbi la kwa Malemia linkazikwirira asanafike n'komwe pasukulu. Anaphunzitsa masamu mpaka kupuma ntchito, ndipo Lamulungu ankawerenga mawu m'tchalitchi.

Bambo anga atamwalira, ine ndili wamng'ono, achibale anakhala pansi pa mtengo wa masawu kukonza za kupita kufa. Mwambowu umati mkazi wamasiye agone ndi mwamuna wina, wachibale kapena wolembedwa ganyu, kuti imfa ichoke pakhomo. Akakana, aliyense wodwala pambuyo pake mlandu umagwera iye. Bambo aakulu anavala jekete ija dzuwa likuswa mtengo, naima pachitseko cha mayi anga. Anakana m'Chisena: "Nkhabe." Kenaka anafunsa: "Mng'ono wanga wafa ndi matenda amene tonse tikuwadziwa. Mukufuna awatengenso ndani?" Msonkhano unathera pomwepo. Kuchokera apo abale anasiya kuwaitana pa nkhani za banja, ndipo iwo sanadandaulepo.

Chaka chatha anamwalira iwowo. Pamaliro panabwera magalimoto a ana amene anawaphunzitsa, ena ochokera ku Blantyre. Asilikali anzawo okalamba anachita sawasha kumanda. Mkulu wa mpingo analankhula motalika, nati malemuwa anali munthu wosaopa nkhope ya munthu pa choonadi. Anthu anavomera ndi mitu. Atadya, amagalimoto ananyamuka.

M'mawa mwake, pansi pa mtengo womwe uja, bambo aang'ono, mng'ono wawo wotsiriza wa malemu, anayambitsa nkhani ya kupita kufa. Wamasiye tsopano anali mayi aakulu, munthu wa imvi, wodwala kuthamanga kwa magazi, amene anali m'nyumba akumva zonse. Mwamuna woti agone nawo anali atapezeka kale. Anali kudikira kumsewu atatsamira njinga.

"Mdzukulu wanga akutsokomola chiyambire malirowa," anatero bambo aang'ono. "Tidikire mpaka tikumbe manda ena?"

Ndinati mwanayo apite naye kuchipatala.

"Iwe mwana, za ku yunivesite uzikakamba konko. Malirowa ndi athu."

Ndinatembenukira kwa mkulu wa mpingo uja, amene anabwera kudzatsazika. Anakonza tayi yake, nati, "Za kubanja mpingo sulowerera." Ndinamuyang'ana pakamwa. Dzulo lake pakamwa pomwepo panatuluka mawu a kusaopa munthu. Ndinazindikira kuti khamu lonse lija linatamanda kulimba mtima kwa bambo aakulu momasuka chifukwa mwini wake anali m'bokosi, sakanapemphanso wina kuti aime nawo.

Amene anadzuka anali mayi anga. Analowa m'nyumba ya mayi aakulu, nachotsa jekete ija pamsomali. Sanaivale. Anakhala pachitseko atatambasula miyendo, naiyala pamiyendo pawo.

"Alamu, munthu wanu wa njingayo muuzeni adzayambe wadumpha ine."

"Mlamu, nkhaniyi si yanu."

"Inali yanga kale. Munali pansi pa mtengo womwewu, mwaiwala? Nanga inuyo munafa? Si inu mukutiyankhula pano, mimba ili patsogolo?"

Amayi ena anaseka atagwira pakamwa. Awiri a iwo, anzawo a kutchalitchi, anadzakhala pambali pawo. Amuna anang'ung'udza mpaka mthunzi unawachokera, kenaka anabalalika mmodzimmodzi. Wa njinga uja anapalasa n'kumapita.

Mayi aakulu sanakhudzidwe ndi munthu. Koma mpaka lero akubanja sadya chakudya chophikidwa ndi iwo, ndipo ana amaletsedwa kumwa madzi a mumtsuko mwawo. Mdzukulu uja anachira ndi mankhwala a kuchipatala. Palibe amene anabwera kudzapepesa. Mkulu wa mpingo amawatchulabe bambo aakulu akamalalikira, monga chitsanzo kwa achinyamata. Mayi anga anasamutsira mphasa yawo kwa mayi aakulu, ndipo awiriwo amadyera mbale imodzi.