Utsi wa Mbaula ku Romford

Lero fungo la nyuzipepala yopsa landikumbutsa m'mawa wina wa nyengo yachisanu ku Romford, ndili mwana. Boila yotenthetsera m'nyumba itafa, bambo, omwe anali atangofika kuchokera ku Malawi, anayatsa mbaula ya nkhuni pabalaza kuti amayi pochokera ku naiti kuchipatala apeze m'nyumba mukutentha. Koma utsi unkangobwerera m'nyumba. Alamu ya utsi inalira, maso akutiwawa.

"Ine wokulira pamoto, zindikanike?" anatero bambo.

Amayi atalowa anatsegula windo, n'kuyatsa nyuzipepala kukamwa kwa chumuni. Utsi unayamba kukwera.

"Sizinakukanikeni, bambo ake. Chumunichi nachonso chinazizidwa."

Kenako anagwira manja a bambo, akuda bii ndi mwaye, n'kuwalowetsa m'jekete mwawo.