Khoma la aphunzitsi opuma

Usiku kukati zii, m'nyumba yoyandikana nafe kuno ku Iponga mumamveka mpeni ukusololedwa, kenako munthu akubuula. Ndi aphunzitsi opuma a mbiri yakale, akusewera gemu ya pa TV imene mwana wawo anawagulira ku Mbeya. M'gemumo amazembera mafumu ndi akuluakulu akale akunja, n'kuwabaya.

Akapha mmodzi, amalemba dzina lake pakhoma ndi khala, n'kusamba m'manja pakhomo ngati achokera kumanda. “Awa anazunzadi anthu, mama,” amatero. “Ine ndikungomaliza mlandu.” Poyamba tinkaseka.

Lachiwiri ndinapita kunyumba kwawo kukatchajitsa foni, mwana ali kumbuyo. Ndinapeza TV ili yozima.

“Gemu yatha,” anatero. “Koma oipa akuno kwathu mulibemo. Agogo awo a apongozi anu ankagulitsa anthu ukapolo. Mwanayu si munamutcha dzina lawo?”

Ndinakana. Iwo anangomwetulira, n'kumugwira kaphazi.

Nditafika pamsewu ndinacheuka. Anali atatola khala, ndipo anandikuwira kuti mayina akuno awalemba pakhoma lakunja, loyang'ana kwathu.