Tsamba ndi Mthunzi Wake

Luan Guixiang anayamba ntchito kumgodi ali namwali, nthawi imene phiri la kwathu ku Linqu linkakumbidwa ngati munda wa mbatata. Amuna ankagumula mwala wofewa wopita kufakitale, akazi n'kumaung'amba ndi mipeni. Mwalawo umatseguka tsamba ndi tsamba, n'chifukwa chake timangoutchula kuti buku. Nthawi zina ukatsegula tsamba la mwala umapezamo tsamba la mtengo, lathunthu ndi mitsempha yake yomwe, logona mmenemo kuyambira dziko lisanamve mawu a munthu. Ambiri otere anathera m'ng'anjo. Akapitawo ankasamala za ngolo, osati masamba, ndipo ena mwa iwo lero akulankhula za chuma cha makolo popanda n'kamanyazi komwe.

Tsiku lina mpeni wa Guixiang unakanirira m'mwala. Feng Dehou, mnyamata wokankha wilibala, wapakamwa posatseka, anaima pambali pake.

"Ukulipha bukulo, mlongo. Bwera nalo kuno."

"Kankha wilibala yako uko. Manja ngati makasuwo angatsegule chiyani?"

Anagwira onse awiri, wina uku wina uku, mwala n'kutseguka. Pakati panali tsamba lalikulu ngati chikhatho, lodyedwa pang'ono m'mphepete. Mwala ukatseguka chonchi, mbali imodzi imatenga tsamba lenilenilo, lakuda bii, inayo imatsala ndi chidindo chake chokha. Timati tsamba ndi mthunzi. Dehou anatola mthunziwo n'kuupisa m'malaya.

"Wapusa, watenga kopanda kanthu," anatero Guixiang.

"Mthunzi susochera," Dehou anayankha. "Kumene kukagone tsamba, nawonso ukagona komweko."

Chaka chisanathe, miyala iwiri ija inali pashelefu imodzi, pamwamba pa bedi lawo la njerwa lofunditsidwa ndi moto.

Za moyo wa Guixiang palibe zambiri zodabwitsa. Anabereka mwana mmodzi, Xiulan. Anaphika mikate yopyapyala ya mapira yokulungamo anyezi mpaka nsonga za zala zake zinasiya kumva moto. Mgodi utatsekedwa, phiri analizinga ndi mpanda, ndipo iye amene analing'amba ndi manja ake ankangolionera kunja ngati mlendo. Kenako kunabwera ogula miyala, a nsapato zonyezimira. Anthu amenewa ali ndi khalidwe limodzi lonyansa: tsamba amagulitsa kwa bwana wa ku Jinan, mthunzi wake kwa wina wa kutsidya kwa nyanja, kuti adye kawiri. Munthu wotere akhoza kukugulitsa nsapato imodzi lero, inzake mawa.

Dehou anamwalira ndi chifuwa cha fumbi la kumgodi, m'nyengo ya chisanu. Kuyambira pamenepo Guixiang anayamba mwambo wake womwe sanauze munthu. Dzuwa likamalowa ankatenga mthunzi, kuuvundikira patsamba, kumanga ndi kansalu kabuluu. M'mawa ankamasula.

"Dzuka, nkhalamba iwe, kwacha," ankatero.

Mawondo atayamba kumukana, Xiulan analamula kuti asamukire kwa iye mumzinda. Asanalongedze n'komwe, kunatulukira Baoliang, mwana wa mchimwene wake wa Dehou, atanyamula bokosi la mapeyala.

"Mayi aang'ono, miyalayi mukaiika pati kunyumba yosanja? Ndili ndi anthu awiri, wina akufuna ili, wina ilo."

"Awiri? Bwanji osandigulitsa inenso, mutu kwina miyendo kwina?"

"Aa, inu ndiye angakuguleni ndani?"

Guixiang anamuthamangitsa ndi tsache, mapeyala n'kutsala. Koma atakhala pansi anadziwa kuti tsache silidzagwira ntchito iye atalowa m'manda. Xiulan ndi wamtima wofewa, Baoliang ndi wa lilime lotsetsereka. Tsamba lidzapita kwina, Dehou kwina.

Ndiye anatumiza mawu kwa Qi Wenjing, mayi wa kuyunivesite amene ankabwera kuphiri chaka chilichonse kudzafufuza za zomera zakale. Qi anafika masana, nsapato zili matope. Anawerama pamiyalayo ndi kagalasi kake nthawi yaitali, tiyi mpaka kuzizira.

"Azakhali, mukuona podyedwapa? Kachirombo kanaluma apa. Mbali iyi ikusonyeza mnofu wa tsamba, inayo ikusonyeza bwino mmene kanalumira. Zikakhala pamodzi tikhoza kudziwa kuti kanali kachirombo kanji, mtengo wanji, ngakhale mvula ya nthawi imeneyo. Chimodzi chokha ndi theka la nkhani."

"Kanaluma kamodzi n'kusiya? Ndiye Dehou ameneyo, ndikachulutsa mchere."

Qi anaseka. Guixiang anapukuta manja pachovala.

"Tenga, mwanangu, sindikugulitsa. Koma chimodzi chokha: dzuwa likamalowa muzizivundikira pamodzi, monga ndimachitira ine."

Qi anasiya kuseka. Anatenga kansalu kabuluu kaja n'kukayala patebulo pafupi ndi zenera. M'mapindiro mwake munali kafumbi kakuda.

"Mwakhala mukutero kuyambira liti?"

"Chimwalirireni mwini wake. Bwanji? Ndi mwaye umenewo."

"Si mwaye, azakhali. Ndi tsamba. Mukavundikira, miyala imakhulana, ndiye limanyenyeka pang'onopang'ono."

Guixiang anatenga kagalasi kaja, n'kuyang'ana yekha. Kunsonga kwa tsamba, kumene kale kunali timitsempha tosalala ngati tsitsi la khanda, kunali mbuu, mwala wokhawokha. Tsamba lomwe linapirira pansi pa phiri zaka zosawerengeka, lomwe linapulumuka ng'anjo ndi Baoliang, linkatha m'manja mwake. Anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Ine ndimati ndikuwafunditsa," anatero chapansipansi. "Osadziwa ndikupera ngati mapira."

Qi sanamunamize kuti palibe chaonongeka, ndipo pa chimenechi ayenera ulemu, poti onama ndi nkhope yachifundo achuluka masiku ano. Anakhala naye pabedipo.

"Lambiri lidakalipo. Zovundikirazo sindingalonjeze. Chomwe ndingalonjeze ndi bokosi limodzi, pathonje, ili apa ilo apa. Palibe adzazilekanitse."

"Zikhudzane?"

"Ayi. Pakhale kampata, ngati chala."

Guixiang anayang'ana chala chake, chopindika, cha zipsera za mpeni. Kenako anaseka, misozi ili mbwee.

"Ifenso titakalamba tinkagona choncho. Mkonono wake unali wa thirakitala, ukayandikira sugona." Anapukuta m'maso. "Koma mthunziwo ukauike chakukhoma. Ankagwa pabedi, munthu wamkulumkulu."

"Chakukhoma," Qi anavomera, osaseka n'komwe.

Anakulunga miyalayo payokhapayokha, Guixiang akulondera ngati akusambitsa khanda la eni. Pomaliza Qi anatambasula dzanja kuti akakung'unthe kansalu kaja panja.

"Kasiye!"

Guixiang anakapinda mosamala, m'mphepete kulowetsa mkati, kuti kafumbi kangatayike. Anakapisa m'malaya, cha pachifuwa, pomwe mnyamata wa wilibala uja anapisa mthunzi tsiku lija. Atatero anapita kukatenga mapeyala a Baoliang kuti mlendo adyere panjira.