Mabowo a kumbuyo kwa ampulifaya

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene tinavota zipani zambiri koyamba. Bambo a Chisomo anali atapita kukawedza ku chilumba cha Mbenji, ndipo nyengo yowedza itatsekedwa anakatsikira pakhomo pa mkazi wina. Mwanayo ndinamusiya ali ndi zaka ziwiri m'manja mwa achemwali anga.

Ku Joni ndinkachapa ndi kusita m'nyumba ya azungu. Ntchito sinkandivuta. Chovuta linali Lamlungu, kukhala tsiku lonse m'kachipinda wopanda womupatsa moni. Makalata ndi kandalama ndinkapatsira madalaivala a mathiraki, yankho n'kubwera patatha miyezi iwiri.

Chaka chachinayi abwana anagula zoimbira zatsopano, n'kundipatsa ampulifaya yakale ndi masipika awiri. Ndinati basi, njira yakwathu ndi imeneyi. Ndikatsegula nyumba ya vidiyo, asodzi azidzaonera, ine ndisadzachokenso pafupi ndi mwana. Ampulifayayo ndinaifungata pamiyendo m'basi masiku atatu, miyendo mpaka kutupa.

Nditafika, alamu anga anabwereka deki ya vidiyo, TV ndi kajenereta kuti tiyese. Zingwe za deki zinali ndi mitu yofiira ndi yoyera. Kumbuyo kwa ampulifaya kunali mabowo ozungulira, lililonse ndi timaso tisanu. Tinayesa uku, tinayesa uku, palibe chingwe chinalowa.

Mawa lake tinaimanga panjinga mpaka ku Salima, kwa a Saidi okonza mawailesi. Anaitembenuza n'kuyamba kuseka.

"Mayi, nkhalamba imeneyi mwaitola kuti?"

"Ku Joni."

"Ku Joni kwake kumanda? Mabowo awa ndi a chipani chimodzi. Kuno tili pa matipate."

"Ndiye siingakonzeke?"

"Ndikhoza kuitsegula n'kuwotcherera mawaya. Koma mukuvutikiranji? Kwanuko ndagulitsako kale ziwiri zatsopano."

Pobwerera alamu anandidutsitsa ku gombe lakumunsi, kumene ndinali ndisanafikeko chibwerereni. Nyumba za vidiyo zinalipo ziwiri, moyang'anizana, phokoso mpaka kumadzi.

"Bwanji simunandilembere zimenezi?"

"Simunafunse, alamu. Inu m'kalata mumangofunsa za mwana."

Ankanena zoona. Zaka zonsezo ndinkaona ngati mudzi unaima tsiku limene ndinakwera basi, ukudikira kuti ndibwere nazo zatsopano. Chonsecho wobwera ndi zakale ndinali ine.

Achemwali anati ndibwerere ndikagwireko zaka zina ziwiri, mwana alibe vuto. Pamenepo n'kuti Chisomo akunditchula kuti "a ku Joni", akandipatsa madzi n'kumagwada ngati kwa mlendo.

Sindinabwerere. Masipika ndinagulitsa kutchalitchi, n'kugula thandala loyanikira usipa. Zomwe ndimapeza n'zochepa, ndipo msana umandipweteka kuposa pa kusita. Chisomo tsopano amanditchula amayi, koma akagwa amathamangirabe kwa achemwali. Ine ndimangotenthetsa madzi otsukira bala, n'kuwapatsira.