Majombo a Tsiku la Alendo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa esiteti ina ya thonje kumtunda kwa Chilumba, nthawi ya chipani chimodzi. Mlamu wanga anamva kutchalitchi kuti akufuna anthu opopera mankhwala, ine n'kulawirira kukaima pamzere pageti. Kapitawo, a Chikopa, munthu woyenda modzikweza ngati esiteti ndi ya bambo awo, anangoona zinthu ziwiri: khadi la chipani ndi zikhatho zanga. Atazisisita anati, "Uyu ndi bulu, alowe." Ndinasangalala, kupusa kwangako.

Ntchito yake inali yotere. Mankhwala a ufa ophera mbozi tinkawasungunula mumgolo n'kutakasa ndi ndodo, ndodo ikasowa mkono unkalowa. Ukadzaza pampu umaibereka kumsana, dzanja lamanzere likupopa, lamanja likuyendetsa kampope m'mizere ya thonje. Zivindikiro za mapampu zinali zotha, choncho pofika masana malaya anali atanyowa ndi mankhwala. Kamlomo ka pampu kakatsekeka tinkakamasula n'kukapemerera ndi pakamwa. Poweruka aliyense ankalandira kapu ya mkaka wa ufa, ati umapha poizoni m'thupi. Sopo ayi, madzi osamba ayi. Chipatala chathu chinali kapu imeneyo basi.

Musaganize kuti zodzitetezera kunalibe. Zinalipo, abale! Maovololo, majombo, magolovesi ndi zotseka pamphuno, zonse zatsopano, zotsekeredwa m'sitolo, kiyi ali m'thumba la a Chikopa. Ati tikapatsidwa tiwononga.

Amene anandiphunzitsa ntchito anali a Msiska, bambo wofatsa amene anali atapopera pamenepo nyengo zisanu ndi ziwiri. Ndiwo anandiuza kuti mphepo izikhala kumbuyo kwanga, komanso kuti ndisamadye chinangwa ndisanatsuke m'manja ndi phulusa. Ankakhala m'nyumba ya esiteti ndi mkazi wawo ndi ana asanu, ndipo lamulo linali lodziwika: wolephera ntchito atuluke m'nyumba.

Tsiku lina tikupuma pansi pa mtengo ndinaona kuti akulephera kupichira fodya, manja akunjenjemera. Anandiuza m'Chitumbuka chathu, motsitsa mawu, kuti tulo sakupeza, maso akuchita chifunga, ndipo nthawi zina amangopezeka akulira pakati pa thonje osadziwa chimene akulirira. Anati dzana lake anatsala pang'ono kumenya mwana wawo chifukwa chongogwetsa supuni. Kenako anandigwira bondo.

"Mwana wanga, usauze munthu. Ana anga akagona kuti?"

Anali atayesapo kamodzi kupempha tsiku loti akaonane ndi adokotala. A Chikopa anawayankha pamaso pa gulu lonse: "Mutu? Mtima? Mwayamba liti kudwala zachizimayi, a Msiska? Imwani makapu awiri." Anthu anaseka. Inenso ndinaseka nawo, ndipo mpaka lero zimandinyansa.

Ndiye kunabwera uthenga woti kukufika mlendo wa boma woona za antchito. Ha! Sitolo ija inatsegulidwa m'mamawa. Tinavala maovololo akununkha usopano, majombo akulira poyenda. A Chikopa anatiika pamzere n'kutiphunzitsa yankho: "Akafunsa, munene kuti timavala chonchi tsiku lililonse. Wa dandaulo adzafotokoza bwino kwa a chipani." Masiku amenewo mawu amenewo ankakwana.

Mlendo anafika dzuwa lili paliwombo, wovala suti, mpango uli pamphuno. Sanalowe m'munda, ankasamala nsapato. Anaima pamsewu n'kufunsa, "Pali vuto, anyamata?" Tonse pamodzi ngati ana a sukulu: "Palibe, bwana!" Anagwedeza mutu n'kulemba kenakake.

A Chikopa anafuna kuonetsa luso, ndiye analoza a Msiska kuti apopere mzere umodzi mlendo aone. A Msiska anabereka pampu. Anayenda pang'ono, kampope kakugwedezeka, kenako anaima, n'kugwada, n'kugwa chafufumimba pampu ili kumsana. Titawatembenuza n'kuwachotsa chotseka pamphuno, dovu linali likutuluka, thupi lonse likunjenjemera.

"Ndi khunyu la kwawo limeneli," anatero a Chikopa, msangamsanga. Mlendo anavomera, chifukwa nkhuku yake inali itapsa kale kunyumba ya manejala. Galimoto yake yoti ikanawafikitsa a Msiska kuchipatala mwamsanga inakhotera kumeneko.

Ife tinawakweza m'ngolo ya thirakitala. Dalaivala akuliza injini, a Chikopa anakuwa, "Imani! Majombowo ndi ovololo ndi za esiteti. Iwe, wavule." Ankaloza ine.

Ndinakwera m'ngolo n'kuwavula. Jombo lakumanzere linakakamira, ndinachita kukoka mwamphamvu nditaponda m'mbali mwa ngolo, munthu akulephera kupuma. Palibe anandigwira dzanja kundikakamiza. Ndinaopa ntchito, basi. Anapita kuchipatala ndi kabudula wong'ambika, opanda nsapato.

Sanamwalire. Anagonekedwa milungu itatu, koma asanatuluke n'komwe katundu wawo anali atatulutsidwa kale panja, m'nyumba mwalowa banja lina. Mkazi wawo anatenga ana kupita kwa achimwene ake kumudzi. Pampu ya a Msiska anapatsa ine, ati yanga inali yakale.

A Msiska atatuluka m'chipatala ndinakawaona kumudziko Lamlungu lina. Ndinawapeza pakhonde, mkazi wawo akuwamwetsa tiyi chifukwa kapu inkawapulumuka. Ndinkafuna kupepesa za majombo, koma iwo sankakumbukira chilichonse cha tsikulo. Mkazi wawo ndi amene anandiyang'ana n'kufunsa, "Inu mumayenda nawo tsiku lililonse. Simunaone kuti akudwala?" Mwezi utatha ndinasiya ntchito.

Pambuyo pake ndinadzakhala kapitawo wa gulu lokonza misewu kwa zaka zambiri. Mabwana onga a Chikopa ndakumana nawo ochuluka, osamala fosholo kuposa munthu woigwira, ndipo sindinawapatsepo ulemu ngakhale wa kunamizira. Chimene ndinasunga n'chakuti mwamuna amene nyumba yake ndi chakudya cha ana ake zili m'manja mwako sangakuuze kuti akudwala. Umayenera kuona wekha, kumutengera pambali, n'kuyamba wamutsimikizira kuti malo ake palibe awatenge. Ndawaperekezapo ambiri kuchipatala mwanjira imeneyi, ena akukana, ena akunditukwana.

A Msiska anakhala ndi moyo zaka zina zinayi. Mwana wawo woyamba anasiya sukulu chaka chomwecho, ndipo ntchito yokhayo imene anaipeza inali yopopera pa esiteti yomweyo.