Nyimbo ya Agnesi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mng'ono wanga Agnesi anamwalira ndi chikuku kwathu ku Mbombwe. Pamaliro amayi analira monga amalirira akazi akwathu, kuyankhula ndi mwanayo ngati akumva. Ankamuuza kuti adzuke, phala lazizira, alipatsa yani. Anabwerezabwereza mpaka mawu anasasa.

Achimwene anga a Dayimoni, amene anali asanakwane zaka makumi awiri, anali ndi banjo yopanga okha ya chitini ndi chikopa cha mbuzi. Ine kwa iwo sindinkamva kanthu, chilichonse anene chinali choona. Atamva kuti ku Limbe kwabwera anthu ojambula nyimbo ndi makina, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe nandipempha ndiwauze mawu onse amene amayi analira, poti ine ndinali m'nyumba ya siwa pamene iwo anali panja ndi amuna. Anandilonjeza kuti idzakhala nyimbo yaulemu ngati ya m'tchalitchi, yoti Agnesi asaiwalike. Ndinawauza zonse, ngakhale mmene mawu a amayi ankanjenjemerera.

Patapita miyezi mbiri inafika yoti chimbale cha a Dayimoni chafika pasitolo ina ku Namitambo. Ndinawanyengerera amayi mpaka anavala chilundu chawo cha Lamulungu, tinauyamba wapansi, ine ndili patsogolo ndi matama.

Tinayamba kumva mfuu tisanaione sitoloyo. Pakhonde panali galamafoni, pabwalo fumbi kobo, anyamata ndi atsikana akudula chiuno. Mawu anali a amayi ndithu, osasintha ngakhale limodzi, koma othamangitsidwa ngati akuwapirikitsa. Bambo wina wonunkha kachasu anatidutsa akudzandira, akukuwa kuti Agnesi adzuke phala lazizira, anzake ali chikhakhali. Iwo ankayesa kuti Agnesi ndi mkazi waulesi wogonereza.

Amayi anaima mpaka nyimbo inatha. Kenaka anandifunsa motsitsa mawu: “Mwanawe, ndi zimene wandiyendetsera mtunda wonsewu?” Pobwerera ine mtima unkandiwawa ngati andithira tsabola pabala.

A Dayimoni anabwera pa Khirisimasi atavala nsapato zatsopano, ana a mudzi wonse ali pambuyo pawo. Nditawakumbutsa lonjezo lawo anaseka. “Iwe, olira sagula chimbale. Amagula ndi ovina.”

Kuyambira pamenepo amayi sanalirenso mokweza pamaliro alionse, mpaka anthu ankawanena kuti ndi ouma mtima. Nyimboyo inawatchukitsa achimwene, ndipo mpaka lero okalamba anzanga amaing'ung'udza osadziwa kuti akuvina pamanda a mwana.

Tsopano ndikudziwa kuti zimene munthu wanena akulira sanapatse aliyense, ngakhale mwana wake womubala. Sindinawakhululukire achimwene, ndipo sindibisa. Amayi atamwalira ndinali ndi zambiri zoti ndiwauze, koma ndinalira chotseka pakamwa, chifukwa a Dayimoni anakhala pafupi ndi zenera.